Udzu wa Pakhomo pa Bwana

Kwathu ku Machinga ndi ku Balaka mawu akuti kapinga amatuluka m'kamwa mwa anthu ndi nkhope ziwiri. Mlimi wa ku Ulongwe kapena ku Nsanama akanena kuti m'munda mwake mwalowa kapinga, amanena nkhope ili yakugwa, poti akudziwa kuti khasu lake laona tsoka. Udzu umenewu suli ngati chisoso kapena bonongwe, zimene ukazula kamodzi nkhani yatha. Kapinga amayanga pamwamba pa nthaka, kwinaku pansi akutumiza mizu yokwawa yokhala ndi mfundo, ndipo mfundo iliyonse imene yatsalira m'dothi ndi mbewu. Mlimi amamukumba, n'kumusasa dothi, n'kumuyanika pa mzere kuti dzuwa limuphe, koma mvula ikangowaza pang'ono amamupeza wadzukanso. Tsono munthu wa pa Liwonde amene wamanga nyumba ya mpanda akanena kuti pakhomo pake pagwira kapinga, amanena monyadira, ndipo amayembekeza kuti mumuyamikire. Udzu wake ndi womwewo. Chimene ndakhala ndikufuna kumvetsa n'chakuti zinatheka bwanji kuti mdani wa m'munda asanduke chokongoletsa pakhomo, nanga ndani amene wakhala akulipira mtengo wa kukongolako.

Makolo athu analibe kapinga pakhomo, ndipo sikuti anali osadziwa ukhondo. Pakhomo pa munthu wolongosoka pankakhala poyera, posesedwa mpaka dothi kulimba ngati pozira. Mtsikana ankaphunzitsidwa kudzuka mbandakucha ndi tsache m'manja, ndipo mlendo ankayamba kuweruza banja poyang'ana pabwalo asanalawe n'komwe nsima yake. Bwalo loyeralo linali ndi ntchito zambiri. Njoka imaopa kudutsa poyera, ndipo ikadutsa usiku imasiya mkukuluzi umene m'mawa aliyense amauona. Mapazi a fisi, a mbala, ngakhale a munthu amene anthu ankamukayikira kuti amayenda usiku, onse ankawerengedwa pa dothi losesedwa bwino madzulo ake. Moto wolusa wa m'chilimwe ukafika m'malire a bwalo unkasowa chakudya n'kuzima, madenga a udzu ndi nkhokwe n'kupulumuka. Pomwepo ndi pamene ankayanika mphale ndi ufa pa mphasa, makaka, nandolo ndi mfutso. Pomwepo ankapetera, kuvinira ndi kukhalira maliro. Udzu unali ndi malo ake: tsekera kudambo wofolerera nyumba, nsenjere kumtsinje, msipu kubusa. Udzu ukamera pakhomo, anthu ankafunsa ngati mwini nyumba akudwala.

Maganizo oti munthu abzale udzu umene sadzadya, sadzafolerera nyumba, ndiponso sadzadyetsa mbuzi, anachokera kutali. Ku England ndi ku Scotland mvula imawaza pafupifupi mwezi uliwonse, ndipo dzuwa lake ndi lofatsa, moti udzu umakhala wobiriwira wokha popanda wouthirira. Anthu achuma a kumeneko, m'zaka za m'ma 1700, ankazunguliza nyumba zawo ndi mabwalo aakulu a udzu wometedwa bwino pofuna kuonetsa kuti ali ndi malo ambiri oti ena angokhala osalimidwa, komanso antchito ambiri oti azingotchetcha. M'chaka cha 1830 Edwin Budding, wa kufupi ndi tauni ya Stroud, anapanga makina otchetchera udzu atatengera nzeru pa makina ometera ubweya wa nsalu m'mafakitale a kwawoko. Makinawo anachititsa kuti ngakhale kalaliki ndi mphunzitsi akhale ndi kabwalo kake ka udzu. Anthu amene anabwera kudzatilamulira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 anali ana a makalaliki ndi aphunzitsi oterowo, ndipo kwa iwo nyumba yopanda udzu wometa kumaso kwake inali nyumba yosatha.

Si zangozi kuti m'gulu la amishoni a ku Scotland amene anakhazikitsa mishoni ya Blantyre m'chaka cha 1876 munali katswiri wa zamaluwa ndi mbewu, John Buchanan. Munthu ameneyu atachoka ku mishoni anakakhazikika ku Zomba, ndipo iye ndi abale ake ndiwo anamanga nyumba ya Masongola imene inadzakhala ya mkulu wa boma la atsamunda. Harry Johnston atafika mu 1891 anabwera ndi katswiri wina wa zomera, Alexander Whyte, amene anatsegula munda wa boma woyeseramo mitengo ndi maluwa m'munsi mwa nyumbayo. Mkungudza wa ku Mulanje umadziwika m'mabuku a sayansi ndi dzina la munthu ameneyu mpaka lero. Ku Zomba zinthu zinawayendera. Mvula ya kumeneko imaposa mamilimita 1,200 pa chaka, mitsinje monga Mulunguzi imatsika m'phiri chaka chonse, ndipo kumazizira. Kapinga, maluwa, ngakhale bwalo la gofu, zonse zinatheka.

Vuto linayamba pamene ulamulirowo unatsikira kuchigwa. Atagonjetsa mfumu Liwonde mu 1893 ndi mfumu Kawinga ku mapiri a Chikala mu 1895, atsamunda anaika likulu la boma la Upper Shire pa Liwonde, m'mphepete mwa mtsinje, pamalo a malambe, migwalangwa ndi udzudzu. Ansembe a Montfort anatsegula mishoni ya Utale mu 1908, ndipo njanji yochokera ku Blantyre kupita ku Salima, imene inatsegulidwa mu 1935, inasandutsa Balaka kukhala siteshoni yokhala ndi masitolo ndi nyumba za antchito. Kulikonse kumene kunamangidwa nyumba ya njerwa yokhala ndi khonde lalikulu, mwini wake ankafuna aone zobiriwira akatsegula chitseko. Koma Balaka si Zomba. Mapiri amatchinga mitambo, mvula ya pa chaka imangozungulira pa mamilimita 800, ndipo imagwa m'miyezi inayi kapena isanu yokha. Udzu wa Kikuyu wochokera kumapiri a ku Kenya, umene azungu ankaukonda chifukwa chofewa ku phazi, umamva ludzu msanga m'dzuwa la kuno. Chimene chimapirira ndi kapinga wathu yemweyu, amene amayi athu ankamutaya kunja kwa munda akutukwana.

Udzu unapezeka, koma manja outchetcha ndi mitu youtungira madzi zinayenera kuchokera kwa ife. Pa maboma ntchito yambiri yotchetcha inkagwiridwa ndi akaidi, atandandalikana pamzere, zikwakwa zikukwera ndi kutsika pamodzi, msilikali ali pamthunzi. Ena mwa iwo mlandu wawo unali wolephera kukhoma msonkho. Ku nyumba za mabwana kunabadwa ntchito yatsopano ya ugadeniboyi, imene inkapatsa munthu wa imvi dzina la mnyamata mpaka tsiku lopuma. Agogo anga aamuna anaigwira ntchito imeneyi zaka zambiri, ndipo zambiri zimene ndikudziwa za kasamalidwe ka kapinga ndinazimva kwa iwo ali okalamba. Sankaikamba ntchitoyo mwamanyazi kapena mwaukali. Ankaikamba monga mmisiri amakambira luso lake, ngakhale ankaseka ndithu akakumbukira kuti anatha unyamata wawo akulera m'munda mwa dona chinthu chimene Loweruka masana ankakachizula m'munda mwawo.

Chaka cha kapinga, monga ankachilongosolera iwo, chimayamba mu Okutobala, pamene palibe chobiriwira chilichonse. Apa ndi pokonza malo: kugaula, kuphwanya zibuluma, kuchotsa miyala, ndi kusalaza kuti madzi asadzadikhe pena. Mvula ya chizimalupsa ndi yonyenga. Wobzala nayo amangotaya mbewu, pakuti pambuyo pake dzuwa limabwerera ndi ukali woposa. Munthu amadikira mvula yeniyeni ya kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, dothi litanyowa mpaka kuzama kwa khasu. Kapinga wa kuno sabzalidwa ndi njere. Umapita m'mbali mwa msewu kapena kudambo kumene ng'ombe zimadya, n'kukazula zingwe zake, n'kuzidula zidutswa zokhala ndi mfundo ziwiri kapena zitatu, n'kuzikwirira m'timizere totalikirana ngati kutalika kwa phazi, nsonga zili kunja. Ukatha umaponda ndi chidendene. M'masabata oyamba ntchito yaikulu ndi kupalira ndi zala, chifukwa dawe ndi khovani amathamanga kuposa kapinga, ndipo dawe ukamudula pamwamba osachotsa kachimbatata kake ka pansi wangomumeta tsitsi. Pofika mu Febuluwale zingwe zija zimakhala zagwirana, dothi losaonekanso.

Apa ndi pamene mwambi woti walira mvula walira matope umakwanira. Januwale ndi Febuluwale kapinga sagona. Sabata ikangodutsa osamutchetcha amayamba kutulutsa ngayaye zake zonga zala za nkhuku, ndipo m'munsi mwake mumayamba kufiira. Agogo ankati chikwakwa chabwino ndi chimene chanoledwa mbali zonse ziwiri ndipo nsonga yake yapindidwa pang'ono, kuti chizidya popita ndi pobwera. Wodziwa ntchito sakhapa ndi mphamvu ya phewa, amangogwedeza dzanja ali chiimire, dzanja lina lili kumsana. Lamulo lawo linali loti usamete udzu mpaka kuonetsa dothi. Akatswiri a masiku ano amanena chimodzimodzi m'njira yawo, kuti pa ulendo umodzi usachotse kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wa udzu, chifukwa masamba ndiwo amadyetsa mizu. Mwezi wa Febuluwale, tisaiwale, ndi mwezi umene m'midzi nkhokwe zimakhala zitayera ndipo munda umafuna kubandira. Gadeniboyi ankatchetcha kwa bwana pamene chimanga chake chikulimbana ndi tchire, mayi ndi ana ali okha m'munda.

Masika akafika, mu Epulo ndi Meyi, kapinga amachepetsa liwiro, ndipo wanzeru amayamba kumusiya wamtaliko kuti adziphimbe yekha ku dzuwa limene likubwera. Juni ndi Julayi, nyengo ya chisanu ndi mwera, amangokhala duu, sakula, safa. Iyi ndi miyezi yothira manyowa a m'khola owola bwino, opyapyala, osesedwera m'kati mwa udzu ndi tsache; m'matauni akuluakulu a dziko lino anthu anazolowera kuwaza timitengo ta masamba a fodya totsala ku mafakitale, ndipo amene anadutsapo pa bwalo lotero atangolithirira fungo lake saliiwala. Iyinso ndi miyezi ya mbuzi. Kukolola kukatha ziweto zimamasulidwa kuti zidzidyera mapesi, ndipo mbuzi ikaona kachigamba kobiriwira pakati pa dziko louma siifunsa kuti mwini wake ndani. Milandu ya mbuzi ndi maluwa ndi yakale ngati mipanda yomwe.

Kenako Seputembala, Okutobala ndi Novembala, miyezi imene ku Balaka phula la pamsewu limafewa ndipo mthunzi wa mlambe wopanda masamba suthandiza kanthu. Kapinga amafiira ngati ubweya wa galu, chiswe n'kuyamba kumudula usiku n'kumakokera kuuna. Munthu wosamudziwa amati wafa. Sanafe: moyo wake wathawira m'mizu ya pansi ija imene imasautsa mlimi, ndipo mvula yoyamba yeniyeni ikagwa, sabata isanathe nsonga zobiriwira zimatuluka. Kapinga wa kuno anapangidwira chilimwe cha kuno. Amene sankatha kupirira chilimwe anali mwini khonde, amene ankafuna mu Okutobala wa ku Liwonde aone zimene ankaona mu Juni wa kwawo. Chifukwa cha iye, anthu ankatsika ndi kukwera kuchokera kumtsinje ndi madebe, m'mawa dzuwa lisanatuluke ndi madzulo litapendeka, kuthirira chinthu chimene chikanadzuka chokha.

Tiyeni tiwerengetse pang'ono, pakuti nkhani yonse yagona apa. Kuti udzu ukhalebe wobiriwira m'nyengo yotentha umafuna madzi okwana pafupifupi mamilimita 25 pa sabata, ndiko kunena kuti malita 25 pa kachigawo ka mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Kabwalo kakang'ono ka mamita 10 mbali zonse kamamwa malita 2,500 pa sabata. Zimenezi ndi ndowa 125 za malita 20. Mayi aliyense amene anaimapo pa mzere pa mjigo wa ku Phalula mu Okutobala angathe kukuuzani kuti ndowa 125 ndi masiku angati a moyo wa banja lake.

Ufulu wa 1964 sunachotse kapinga, unamuchulukitsa. Boma la Dr Kamuzu Banda linkakonda ukhondo wooneka ndi maso, ndipo likulu latsopano la Lilongwe, limene linayamba ntchito mu 1975, linakonzedwa kuti likhale mzinda wa mitengo ndi maluwa. Chitukuko chinafikanso kuchigwa kwathu: Kamuzu Barrage pa Liwonde mu 1965, njanji yochokera pa Nkaya kudzera pa Liwonde mpaka ku Nayuchi mu 1970, nkhalango yosungirako nyama ya Liwonde mu 1973. Chilichonse mwa izi chinabwera ndi maofesi ndi nyumba za antchito, ndipo m'nyumba zimene kale munkakhala azungu munalowa ana a kwathu, amene anatengera makiyi, khonde, kapinga ndi gadeniboyi yemwe. Sindikuwanena, munthu akakwera amavala zovala za pamalo pamene wafika.

Koma kumene kapinga anakhudza mwana aliyense ndi kusukulu. Ife amene tinaphunzira m'zaka zimenezo tikukumbuka kuti chikwakwa chinali chida cha sukulu ngati cholembera. Teremu yoyamba mvula ikugwa, mnyamata aliyense ankapatsidwa chigawo chake, atsikana akusesa ndi kuzira. Njira zinkadulidwa ndi chingwe, m'mbali mwake n'kuikamo njerwa zopendeketsa zopakidwa laimu, ndipo kuponda pa kapinga unali mlandu. Sabata ya achinyamata ikafika, kapena kukamveka kuti kukubwera mlendo wa boma, sukulu yonse inkasanduka ya otchetcha. Pa sukulu ina imene ndinaphunzirapo, kuchedwa ndi mphindi zochepa kunkagulidwa ndi chigawo cha udzu chimene chinkakudyera maphunziro onse a m'mawa, anzako akulemba masamu iwe uli ndi matuza m'manja. Ndimaona kuti apa ndi pamene tinaluza kanthu. Mbadwo wonse unaphunzira kusamala udzu ngati chilango, monga akaidi aja a pa boma, ndipo palibe amene anatifotokozera kuti udzuwo ukugwira dothi la sukulu yathu kuti lisapite kumtsinje. Nthawi yomweyo alangizi a zaumoyo ankayenda m'midzi kulimbikitsa kusesa ndi kulambula tchire chifukwa cha udzudzu, choncho mwana ankabzala udzu kusukulu m'mawa, madzulo n'kukauzula kwawo.

Zinthu zitasintha mu 1994, maphunziro a pulayimale anakhala aulere, ndipo chiwerengero cha ana m'sukulu za dziko lino chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Makalasi anasefukira, ana ambiri n'kumaphunzirira pansi pa mitengo, ndipo palibe kapinga amene angapirire mapazi ochuluka chotero. Mantha amene ankagwiritsa chikwakwa nawonso anatha. M'sukulu zambiri mabwalo anabwerera ku fumbi, ndipo mizu ya mitengo ya kesha inayamba kuonekera pamtunda ngati mitsempha ya pa dzanja la nkhalamba. Balaka atakhala boma palokha mu 1998, kuchoka m'manja mwa Machinga, tauni inakula, maploti anadulidwa, ndipo kufunika kwa madzi kunakula koposa.

Madzi a m'mipope ya ku Balaka kwa zaka zambiri ankachokera ku damu la Mpira, m'mapiri a ku Ntcheu. Mitengo ya kumtunda kwa damulo itatha, dothi linakokolokera m'menemo, mvula nayo inavuta, ndipo mu 2018 damu linaphwa. Chaka chomwecho nyanja ya Chilwa, kumalire a Machinga, inauma mbali yaikulu monga inachitira mu 1968 ndi mu 1995. M'miyezi imeneyo, amayi akugona pa mijigo ndi zigubu, munthu woimirira ndi payipi pa udzu akanaoneka ngati akutukwana mudzi wonse. Chilala cha 2016 ndi cha 2024 chinanenanso zomwezo. Ine ndimati kuthirira kapinga ndi madzi akumwa m'chilimwe cha ku Balaka ndi mwano, ngakhale bilu yake munthu akulipira yekha.

Komabe bwalo losesa la makolo athu nalo lafika povuta, ndipo tisalinamize. Kale mudzi unkasamuka pakapita zaka, nyumba ya mitengo ndi dothi ikagwa ankamanga ina pena, bwalo lakale n'kubwerera ku tchire. Lero malo anachepa, nyumba ndi za njerwa ndi malata, ndipo banja limakhala pamodzimodzi mibadwo itatu. Tsache limachotsa kadothi kochepa tsiku lililonse. Malata amasonkhanitsa mvula yonse n'kuikhuthulira pa mzere umodzi m'munsi mwa denga. Pakatha zaka makumi awiri mumapeza maziko a nyumba ali pamtunda, khonde likufuna sitepe imene mmisiri sanaiike, ndi kangalande kakuyambira pakhomo kulowera kunjira. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 ndi namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, amene sanasiye Machinga ndi Balaka, anagwetsa nyumba zambiri za zidina, ndipo khoma limene madzi alikumba kunsi silichedwa kugonja. Mizu ija imene imathyola mpini wa mlimi ndi yomwenso imaluka dothi kuti lisayende. Alangizi a zaulimi akhala akulimbikitsa udzu wa vetiva m'migula ya m'minda pa chifukwa chomwechi.

Chodabwitsa n'chakuti amene akubweretsa kapinga m'midzi masiku ano si bwana kapena mphunzitsi wamkulu. Ndi anyamata obwera ku Joni. Machinga, Balaka ndi Mangochi ndi maboma amene amatumiza achinyamata ambiri ku South Africa, ndipo ntchito imene Amalawi amadziwika nayo m'mayadi a ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town ndi yomwe ija ya agogo anga. Amabwerako akudziwa makina otchetchera a petulo, mayina a feteleza, ndi udzu wa LM wokonda mthunzi, umene dzina lake likuchokera ku Lourenço Marques, Maputo wa lero. Akamanga nyumba pa Ntaja kapena pa Mangochi Turn-off amafuna ioneke ngati imene ankaisamala kunja kuja. Ena amayesa kubzala bwalo lonse, ndipo chilimwe choyamba chimawaphunzitsa masamu a ndowa aja.

Zimene zikutsalira pambuyo pa phunzirolo ndi zimene ndimaziona tsopano ndikamayenda m'makwalala a Balaka ndi m'midzi ya m'mbali mwa msewu wa ku Liwonde. Kapinga akubzalidwa ngati lamba wopapatiza kuzungulira nyumba, pamene pamagwera madzi a padenga, ndiponso m'mbali mwa kanjira ka kuchimbudzi ndi pa mtsetse pamene pankayamba ngalande. Pakati pa bwalo pakusesedwabe m'mawa uliwonse, poti mphale ikufunabe poyanika ndipo maliro akufunabe pokhala anthu. Lamba uja amamwa madzi otsukira mbale ndi otsukuluzira zovala basi. Pafupi ndi bafa amakhala wobiriwira chaka chonse. Kwina konse mu Okutobala amafiira, nkhuku n'kumafukulapo, ndipo eni nyumba amangomudutsa ndi ndowa zawo pamutu kulowa nazo kukhitchini.